KUCHOKERA KU PHIRI KUTSIKIRA KU DAMBO: MALUNGO M'BOMA LA CHIRADZULU

Phiri la Chiradzulu limaonekera kutali. Munthu woyenda pa msewu waukulu wochokera ku Limbe kunka ku Zomba amaliona ku dzanja lamanja litaima pakati pa minda, ndipo nsonga yake ili pa mamita 1,773 kuchokera pa nyanja yamchere. Boma limene linatenga dzina la phirili ndi laling'ono ndithu, ndipo lachita malire ndi Blantyre, Zomba, Phalombe, Mulanje ndi Thyolo. Koma ngakhale lili laling'ono, anthu ake ndi ochuluka. Pa kalembera wa 2018 anawerengamo anthu 356,875, ndiko kunena kuti anthu oposa 450 pa malo a kilomita imodzi m'litali ndi kilomita imodzi m'lifupi.

Sabata ino tikupemphani inu owerenga kuti muyende nafe m'boma limeneli, kuyambira kumtunda mpaka ku zigwa za kum'mawa. Tikufuna tione chifukwa chake nthenda ya malungo imavuta kwambiri pa mudzi wina ndi kuchepa pa mudzi wina, ndiponso chifukwa chake pa mudzi umodzi womwewo imalowa kawirikawiri m'nyumba ina ndi kulambalala nyumba ina. Tikamayenda tidzaona kuti yankho lili pawiri: pa nyengo ya dziko, ndi pa kakhalidwe ka anthu.

PA NJULI NDI PA MBULUMBUZI

Ulendo wathu uyambira pa Njuli, pamene amaphwanya miyala, ndi pa Mbulumbuzi, pamene amayi amandanda m'mbali mwa msewu ndi tomato, kabichi ndi anyezi. Kuno ndi kumtunda. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kumazizira kwabasi, ndipo mphepo ya chiperoni ikabwera ndi nkhungu yake kuchokera ku Mozambique, anthu amaotha moto ngakhale masana. Nyengo imeneyi malungo amachepa. Kodi ndi chifukwa chiyani?

Tiyambe tanena za nthendayo. Alipo ambiri amene amati malungo amadza chifukwa cha kudya mango, misinde kapena chimanga chachiwisi, ena amati ndi kunyowa ndi mvula. Zinthu zimenezi zimangofika nyengo imodzi ndi malungo, koma si ndizo zimadwalitsa ayi. Chodwalitsa ndi tizilombo tating'ono kwambiri tokhala m'magazi, tosaoneka ndi maso. Dotolo wa ku France dzina lake Laveran ndiye anayamba kutiona mu 1880 ku Algeria, ndipo mu 1897 Dotolo Ronald Ross ku India anatipeza m'mimba mwa udzudzu. Udzudzu wake si wina uliwonse: ndi waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene umaluma usiku, ndipo ukatera pa khoma umaweramitsa mutu ndi kukweza kumbuyo.

Tsono tamverani bwino apa. Udzudzu ukayamwa magazi a munthu wodwala, sungapatsire munthu wina usiku womwewo. Tizilombo tija tiyenera tiyambe takhwima m'thupi mwa udzudzuwo. Kukakhala kotentha timakhwima pa masiku 10 kapena 12. Kukazizira kufika pa madigiri 20 timatenga masabata atatu ngakhale kuposa, ndipo kukazizira kupyola madigiri 16 sitikhwima konse. Udzudzu wambiri umafa usanathe masabata atatu. Motero kumalo kozizira udzudzu umafa katundu wake asanapse, pamene kumalo kotentha umakhala ndi nthawi yokwanira yomutula m'thupi mwa mwana wanu. Chisanu chimene timadandaula nacho m'Juni ndi bwenzi lathu pa nkhani imeneyi.

KU MAGOMERO

Tikapitirira kumpoto tifika pa Namadzi, ndipo tikapatuka pamenepo tifika ku Magomero. Malo amenewa ali ndi mbiri imene ikukhudza nkhani yathu. Mu Julayi 1861 Bishopu Charles Mackenzie anafika kuno pamodzi ndi David Livingstone, namanga mishoni m'mbali mwa mtsinje wa Namadzi. Patapita miyezi yowerengeka, Bishopu anatsikira ku chigwa cha Shire nyengo ya mvula. Bwato lake linagubuduzika, mankhwala onse ndi kwinini yemwe anamira m'madzi, ndipo iye anamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo athira mu Shire. Mnzake wa pa ulendowo, Burrup, anamunyamula kubwerera naye ku Magomero, koma nayenso anamwalira mu Febuluwale. Otsalawo anasamukira kwa Chibisa, ku Chikwawa, kumene Scudamore ndi Dotolo Dickinson anamwalira mu 1863.

Azungu amene anabwera pambuyo pawo anatolapo phunziro, ngakhale anali asanadziwe za udzudzu: kumtunda kuli moyo, ku chigwa kuli malungo. Nchifukwa chake anakonda mapiri ano. Mishoni ya Blantyre inamangidwa mu 1876, ndipo posakhalitsa dziko lalikulu la kumtunda linasanduka minda ya azungu. Magomero yemwe anakhala esiteti ya A. L. Bruce, kumene anthu ankagwira thangata kuti aloledwe kukhala pa malo. M'zaka zomwezo Alomwe ambiri analowa kuchokera ku Mozambique, napeza Amang'anja ndi Ayao. Madandaulo a malo ndi thangata ndiwo ena mwa zimene zinautsa nkhondo ya John Chilembwe wa ku Mbombwe mu Januwale 1915.

Thangata linatha kalekale, koma kuthinana kwa anthu kulipobe. Munda umene agogo ankalima okha, lero augawana ana aakazi ndi adzukulu, aliyense kachigawo kake. Malo akasowa kumtunda, banja latsopano limamanga m'mphepete mwa dambo, pamalo pamene makolo ankangodyetsapo mbuzi. Udzudzu suuluka mtunda wautali. Wambiri supyola kilomita imodzi kapena ziwiri kuchokera pamene unabadwira. Choncho womanga pafupi ndi madzi ndiye amayamba kulumidwa, ndipo kawirikawiri ameneyo ndi munthu amene analibe malo ena oti asankhe.

KUTSIKIRA KUM'MAWA

Tibwerere tsopano ku Boma, limene lili m'tsinde mwa phiri, ndipo titsike kum'mawa cha ku Milepa, kumene dziko limayamba kuyalana ndi chigwa cha Phalombe. Woyenda pa njinga amamva yekha m'thupi kuti mpweya wasintha. Akatswiri a zanyengo amati munthu akatsika mamita 1,000 kutentha kumaonjezeka ndi madigiri 6. Kutsika kochokera ku Boma kufika ku chigwa sikufika pamenepo, komabe madigiri awiri okha ndi okwanira kufulumizitsa tizilombo tija m'mimba mwa udzudzu. Madotolo a sukulu ya zaudotolo ku Blantyre atayeza magazi a anthu a m'midzi ya ku Chikwawa, ku Thyolo ndi mu mzinda wa Blantyre, anapeza tizilombo ta malungo mwa anthu ambiri ku Chikwawa kotentha kuposa kumtunda kuja. Zimene zimachitika pakati pa maboma amenewo zimachitikanso pang'ono pakati pa phiri ndi chigwa m'boma limodzi.

Ndiponso kuno madzi sathamanga. Mvula ya kumtunda imatsikira m'mitsinje monga Namadzi ndi Mombezi, ndipo ikafika pa dziko loyalana imaima m'madambo. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ife tionjezepo kuti waliranso udzudzu. Udzudzu umodzi umaikira mazira 50 mpaka 200 nthawi imodzi pamwamba pa madzi, ndipo kukatentha, pa sabata imodzi kapena ziwiri mazirawo amakhala atasanduka udzudzu wouluka.

Udzudzu wa malungo m'dziko muno uli m'magulu awiri. Gulu lina limakonda zithaphwi zazing'ono zoombedwa ndi dzuwa: mapazi a ng'ombe, mikwasa ya ngolo ndi galimoto, maenje a njerwa ndi madzi oima m'mizere ya m'munda. Limeneli limachuluka mvula ikangoyamba mu Novembala ndi Disembala. Gulu lina, limene madotolo amalitcha funestus, limakonda madzi okhalitsa okhala ndi udzu ndi bango. Limeneli silitha msanga. Limapitiriza kuluma ngakhale mvula italeka. Nchifukwa chake anthu a kudambo amadwala malungo mpaka m'chilimwe pamene a kuphiri atapumako.

Taonani maenje a njerwa. Munthu akafuna nyumba yabwino amaumba njerwa, ndipo ndi chinthu choyamikika. Koma dzenje limene anakumbamo dothi amalisiya pambali pa nyumba yomweyo, ndipo mvula ikagwa limasanduka khola la udzudzu. Chimodzimodzinso zitsime za m'madimba zimene zasiyidwa. Dimba ndi chuma, pakuti tomato wa pa Mbulumbuzi amachokera m'menemo, koma chitsime chakale chosagwiranso ntchito chiyenera kukwiriridwa.

NYUMBA ZIWIRI PA MUDZI UMODZI

Tiyeni tilowe m'mudzi. Apa pali nyumba ya njerwa zootcha, khoma lake lafika mpaka ku denga, mazenera ali ndi sefa, chitseko chimatsekeka bwino. Apo pali nyumba imene pakati pa khoma ndi denga pali mpata woti munthu n'kupisapo mkono. Mvula imene imagwa pa nyumba ziwirizi ndi imodzi, dambo lawo ndi limodzi, koma malungo awo si amodzi ayi.

Udzudzu wa malungo umatsata fungo la anthu ogona. Ukafika pa khoma umakwera m'mwamba, ndipo ukapeza mpata pansi pa denga umalowera pomwepo. Ku Chikwawa anayesa zimenezi potseka mipata ya nyumba zina ndi kusiya zina, ndipo m'nyumba zotsegula munalowa udzudzu wochuluka kuposa m'zotseka. Nkhani yabwino ndi yakuti kutseka mpata umenewu sikulira malata kapena simenti. Zidina ndi matope zimakwanira, ngakhale nyumba ikhale yofolera ndi udzu.

MIYEZI YA NJALA

Malungo amafika pachimake kuyambira Januwale mpaka Epulo. Mlimi aliyense akudziwa kuti imeneyi ndi miyezi yotani. Nkhokwe yatha, chimanga cha m'munda sichinache, ndalama za nandolo zinapita ku feteleza ndi ku sukulu. Ndiyonso nthawi ya kupalira ndi kubandira. Bambo akagona ndi malungo sabata imodzi, udzu sumudikira. Mayi akakhala ku chipatala ndi mwana masiku asanu, munda wake umatsalira, ndipo mphika umasowa wouyang'anira. Banja limene limadya za ganyu, tsiku lodwala ndi tsiku logona ndi njala.

Potero malungo ndi umphawi zimaberekana. Wosauka amadwala kawirikawiri chifukwa cha malo amene wamangapo ndi nyumba imene akugonamo. Akadwala amakolola zochepa. Akakolola zochepa sangakonze nyumba ija, ndipo chaka chamawa malungo amamupeza pomwe anamusiya. Mwana amene akudya mosakwanira, malungo akamugwira kawiri katatu magazi ake amachepa, m'manja ndi m'zikope mumayera, ndipo ku sukulu amangosinza.

Anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika ndi kachilombo ka HIV nawonso malungo amawagwira mwamphamvu. Chiradzulu ndi limodzi la maboma amene anayamba kulandira mankhwala otalikitsa moyo, pamene bungwe la madotolo la Médecins Sans Frontières linayamba kuwapereka mu 2001. Amene ali pa mankhwalawa asadumphitse, pakuti thupi lamphamvu limalimbana bwino ndi malungo omwe.

CHA KU NKALO NDI KU NAMITAMBO

Kuchokera ku chigwa tikhotere kumwera, kudzera kwa Nkalo ndi ku Namitambo. M'misika ya kuno, monga m'misika ina yonse, mupeza timapiritsi toletsa kupweteka kwa mutu. Mwana akatentha thupi, makolo ambiri amayamba ndi timeneti, n'kumati tione kaye mawa. Thupi limazizira pang'ono, koma tizilombo tili m'magazi tikuswana. Mawa likafika, mtsinje wadzaza, kabaza akufuna ndalama, ndipo ulendo uja umakankhidwira mkuja. Mwana wamng'ono malungo angathe kumufikitsa pa kukomoka m'masiku awiri okha. Mwana akayamba kukomoka, kulephera kuyamwa, kusanza chilichonse kapena kupuma movutika, amenewo ndi malungo aakulu. Musataye nthawi ndi kufunsa amene wamulodza. Thamangani naye ku chipatala usiku womwewo.

Boma lino lili ndi chipatala chachikulu ku Boma, chipatala cha mishoni cha St Joseph ku Nguludi, ndi zipatala zazing'ono monga za ku Namitambo, Nkalo, Milepa, Namadzi, Mbulumbuzi ndi Chitera. M'midzi yakutali alangizi a zaumoyo amaona ana osapyola zaka zisanu pa mudzi pomwepo. Kuyeza malungo ndi kadontho ka magazi a pa chala kumatenga mphindi 15 kapena 20, ndipo m'zipatala za Boma kuyezako ndi mankhwala omwe ndi zaulere.

Mankhwala a malungo akhala akusintha, chifukwa tizilombo timazolowera. Mu 1993 Malawi linakhala dziko loyamba mu Africa kusiya kolorokwini ndi kutenga Fansidar, ndipo mu 2007 Fansidar anapatsa malo mankhwala a LA. Mankhwala a LA amamwedwa kawiri pa tsiku kwa masiku atatu. Munthu akamwa tsiku limodzi n'kupeza bwino, ndiye n'kusungira mnzake otsalawo, wadzinamiza yekha ndipo waphunzitsa tizilombo kupirira. Fansidar masiku ano ndi wa amayi oyembekezera, amene amalandira ku sikelo kosachepera katatu kuti ateteze iwo eni ndi mwana ali m'mimba.

NDANI AMAGONA KUNJA KWA NETI?

Boma lakhala likugawa maneti onyikidwa m'mankhwala m'dziko lonse, monga mu 2012, 2016, 2018 ndi 2021, ndipo amayi oyembekezera amalandiranso ku sikelo. Koma woyenda m'midzi amaona maneti ena atatchinga mbande za tomato, ena ataphimba anapiye. Neti ya ku dimba siteteza munthu.

M'nyumba yothinana, neti imapita kwa bambo, mayi ndi khanda. Ana a sukulu amagona pa mphasa pabalaza kapena ku gowelo popanda kanthu. Madotolo a ku Blantyre aja anapeza kuti ana a msinkhu wa sukulu ndiwo ambiri ali ndi tizilombo m'magazi, ndipo ndi omwewo amene sagona m'maneti kawirikawiri. Ambiri a iwo saoneka odwala, amasewera mpira bwinobwino, koma udzudzu ukawaluma umatenga tizilombo n'kukapatsira mng'ono wawo wakhanda. Kumbukiraninso usiku umene timachezera panja: pa maliro, ku zinamwali, pa mapemphero a usiku ndi polondera dimba. Miyambo imeneyi ndi yathu, koma wopita kumeneko avale zofika m'manja ndi m'miyendo, ndipo ana aang'ono agone m'neti.

KWA LIKOSWE

Ulendo wathu uthera kwa Mfumu Likoswe, chakufupi ndi Nguludi. Kuno mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa mvula ya masiku angapo osaleka, ndipo matope ndi miyala zochokera m'phiri zinakokolola mudzi wa Ntauchira. M'chigawo cha kumwera anthu oposa 600,000 anasowa pokhala, ambiri nakagona m'masukulu ndi m'matchalitchi, mothinana, maneti awo atapita ndi madzi. Freddy asanabwere kunali Idai mu 2019 ndi Ana mu 2022. Madzi osefukira poyamba amakokolola mphutsi za udzudzu, koma akaphwera amasiya zithaphwi ponseponse, ndipo pakapita masabata owerengeka malungo amabuka pakati pa anthu amene ataya kale zonse.

Nyengo ikusintha. Oyeza zanyengo anapeza kuti pakati pa 1960 ndi 2006 kutentha m'Malawi kunakwera pafupifupi ndi digiri imodzi. Nambala imeneyi ikuoneka yochepa, koma takumbukirani za masiku amene tizilombo timatenga kuti tikhwime. Kumtunda kukamafunda, chisanu chija chimene chinkatchinjiriza anthu a kuphiri chimafupika. Mitengo ya m'mapiri ikamatha, madzi amatsika mwaukali ndi kukumba zigwembe zimene zimasunga zithaphwi. Choncho a ku Njuli ndi a m'tsinde mwa phiri asaganize kuti malungo ndi nkhani ya anthu a kudambo okha.

ZIMENE ZILI M'MANJA MWATHU

Tisataye mtima, pakuti nthendayi inabwerera m'mbuyo pakati pa 2010 ndi 2021. Mu 2010, mwa ana 100 aliwonse osapyola zaka zisanu amene anayezedwa m'dziko muno, 43 anapezeka ndi tizilombo ta malungo. Mu 2017 anali 24, ndipo mu 2021 anali pafupifupi 10. Mu Epulo 2019 Malawi linakhala dziko loyamba kupereka katemera wa malungo kwa ana, kuyambira m'maboma 11, limodzi mwa iwo ndi Phalombe, mnansi wathu. Katemera amathandiza, koma salowa m'malo mwa neti. Cholinga cha Boma ndi kuthetsa malungo pofika 2030, ndipo zimenezi sizingatheke ndi madotolo okha.

Mvula sitingaiuze pogwera, ndipo mudzi wa kudambo sitingaunyamule kupita nawo kuphiri. Koma mpata wa pansi pa denga tingautseke chilimwe chino, mvula isanayambe. Dzenje la njerwa tingalikwirire, kapena kulitsegulira ngalande kuti madzi asaime. Neti yong'ambika tingaisoke, ndipo mwana wa sukulu tingamupezere malo m'neti. Mwana akatentha thupi tingapite naye kokayezetsa tsiku lomwelo.

Mawu otsiriza apite kwa inu mafumu ndi anyakwawa. Pa mudzi uliwonse pali agogo okhala ndi adzukulu amasiye, pali mayi wopanda womukwerera pa denga. Nyumba zawo ndizo zili ndi mipata ikuluikulu, ndipo udzudzu wotuluka m'menemo sufunsa kuti nyumba yotsatira ndi ya yani. Mutu umodzi susenza denga. Itanani anyamata tsiku limodzi, aponde matope, atseke nyumba zimenezo ndi kukwirira maenje a pa mudzi. Ndipo inu amene mwawerenga nkhaniyi, muwawerengerenso anzanu madzulo ano pabwalo, dzuwa lisanalowe.